Tsala la Amayi Anga

Tsiku lina mayi wina wa pamudzi pathu anabwera kudzapempha mbewu ya mpiru, nandifunsa kumene agogo anali. Ndinayankha kuti ali kumunda. Mayiyo anakwera chitunda chonse mpaka kuseri kwa nsungwi osawapeza, pamene agogo anali kumusi kumtsinje akuthirira kabichi. Agogo atabwerako n'kumva zimene zinachitika, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mkazi mnzanga," anatero, poti ndi mmene ankandiitanira akafuna kundiseka kapena kundidzudzula, "mawu ako pa tsiku sakwana khumi. Mwa khumiwo ukulephera kusankha amodzi olondola? Dimba ndi munda? Wamukweza phiri munthu wa mwana kumsana."

Sindinalakwitsenso kuyambira tsiku limenelo.

Tinkakhala awiri, ine ndi agogo, m'mudzi wa m'munsi mwa phiri kufupi ndi Mphunzi. Bambo anga anafera kumigodi ya ku Joni ndisanayambe kuyenda. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo agogo, amene anabereka amayiwo, ananditenga. Sanali munthu wonyengerera mwana. Zimene anandiphunzitsa ndinaziphunzira ndili pambuyo pawo, nditasenza chitini cha madzi kapena mtolo wa mapesi.

Munda wathu unali pafupi ndi nyumba. Munda umadikira mvula, ndipo ife tinkabzalamo chimanga, nyemba ndi maungu. Dimba linali m'mphepete mwa mtsinje, pa dothi lakuda lomata kumapazi, ndipo ilo silidikira kanthu: umalithirira wekha m'chilimwe mpaka msana kuwawa. M'menemo munali kabichi, anyezi, mpiru ndi nsawawa. Mphanje ndinkaiona kwa anzathu. Munthu akapatsidwa malo m'thengo, n'kugwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kutembenuza dothi limene khasu silinakhudzepo, amati waswa mphanje, ndipo chaka choyambacho malowo satchedwa munda. Agogo ankadziwanso mayina a malo amene sanalimepo. Nkhalango ya paini ya boma pa phiri la Dedza ankati ndi munda wa matabwa. Esiteti ya fodya, kumene anyamata a m'mudzi ankapita kukagwira ntchito, ankangoti n'kumene anthu amalima osadya.

Malo amodzi okha ndiwo anawavuta kuwapatsa dzina. Kutchalitchi tinkamva kawirikawiri za munda wa mphesa, ndipo amayi a m'mudzi ankatsutsana panjira pobwerera. Ena ankati uyenera kukhala dimba, poti zipatso zake n'zamadzi. Ena ankati ayi, owerenga anena kuti munda. Kenaka tinamva kuti kumishoni, kuseri kwa nyumba ya ansembe, kuli mipesa yeniyeni. Tsiku limene tinapita kukagulitsa mazira kumeneko, agogo anapempha bambo wosamalira maluwa kuti awaonetse. Inali mizere inayi yokha ya timitengo topotana, toyanga pa mawaya, ndipo nthawi imeneyo tinalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Agogo anatola dothi, kulifikisa m'manja, n'kulitaya.

"Ndi nkhuni zimenezi?"

"Zagona, amayi. Zidzuka kukayamba kutentha."

"Mukabzala chaka chino, mumadya liti?"

"Pakapita zaka zitatu. Nthawi zina zinayi."

Agogo anapukusa mutu. Panjira anandiuza kuti umenewo si munda ndiponso si dimba. "Ndi malo a munthu amene sakuopa kuti amuchotsa. Nanga iwe unaonapo mkamwini akubzala mtengo?"

Dzina limene linkandikhudza ine linali tsala. Munda ukatopa, kapena mwini wake akalephera kuulima, umausiya ugone, ndipo pamenepo umatchedwa tsala. Tsala limakhala ndi mwini. Anthu amati tsala la uje, ndipo palibe angalowemo ndi khasu. Koma kwathuko panali lamulo limene aliyense ankalidziwa: tsala limakhala tsala malinga ngati mizere ya amene analimapo ikuoneka. Mizere ikafafanizika ndiye kuti malowo abwerera kuthengo, ndipo mwini mbumba akhoza kupatsa wachibale wina kuti aswe mphanje yake.

Tsala lathu linali pamtunda, pamapewa pa phiri. Amayi ndi bambo anaswa mphanje pamenepo atangokwatirana, ndipo amayi analimapo okha zaka zonse mpaka pamene anadwala. Malo kwathu amatsata mkazi, choncho munda umenewo unali kudikira ine. Agogo sakanatha kuulima. Munda wakunyumba ndi dimba zinkawakwanira, ndipo bondo lawo lakumanzere linkatupa akakwera chitunda. Zaka zisanu ndi chimodzi zinapita. Tsekera anamera, timitengo ta masuku tinaphuka pa zitsa zakale, ndipo mvula inatsitsa mizere pang'onopang'ono. Ine ndinkapitako pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa n'kumene ndinkamangirira mbuzi zathu zitatu ndisanapite kusukulu.

Nthawi imeneyo likulu latsopano linkamangidwa ku Lilongwe, ndipo malole anayamba kufika mpaka kumisika yathu kudzagula mbatatesi. Aliyense anafuna malo a pamtunda, poti mbatatesi imakonda kozizira. Wina mwa iwo anali mwamuna wa amayi aang'ono, amayi obadwa kwa mng'ono wawo wa agogo. Bambowo anabwera m'mudzi mwathu ngati mkamwini, koma anali atasankhidwa kukhala tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndipo aliyense ankangowatchula kuti atcheya. Ndiwo ankagulitsa makhadi a chipani, ndipo popanda khadi sunkalowa mumsika. Sanali munthu wankhanza. Anali wolimbikira, wa ana asanu, ndipo munda wa akazi awo unali wochepa. Koma m'masiku amenewo anthu sankakonda kutsutsana ndi munthu wovala baji pachifuwa.

Nkhani inabwera ndi atsibweni a amayi, mlongo wawo wa agogo, amene anali mwini mbumba yathu. Anafika masana ena agogo akusankha nyemba pakhonde. Ine ndinawayalira mphasa.

"Mkazi wanga ali bwanji?" anandifunsa, monga mmene agogo aamuna amasekera ndi adzukulu. "Ukadali wosalankhula? Ukwatiwa bwino iwe, sudzakangana ndi munthu."

Anakamba za chifuwa chawo, za nkhuku zimene zinkafa m'mudzi, kenaka anatsokomola.

"Achemwali, akamwini athu akupempha malo."

"Akapemphe kwa apongozi awo enieni. Ine ndili ndi malo anji?"

"Akunena pamtunda paja."

Agogo anasiya kusankha nyemba. "Pa tsala la mwana wanga?"

"Iwo akuti si tsalanso. Akuti labwerera kuthengo."

"Inu mwapitako?"

"Ndinadutsako."

"Munayang'ana ndi maso anu, kapena munayang'ana ndi baji yawo?"

"Tsitsani mawu, achemwali!" Atsibweni anacheuka kuyang'ana kunjira. "Mukufuna tikagone kuti? Ine sindinagamule kanthu. Ndati tikayende tonse Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Mizere ikaoneka, nkhani yatha. Ikapanda kuoneka, ine sindingakanize munthu wa ana asanu malo ogona chabe. Ndipo mukudziwa zimene amanena pamisonkhano za anthu osunga minda osailima."

"Mwanayu adzalima kuti?"

"Akadzakula tidzaona."

"Mudzaona muli kuti? Inu ndi ine tidzakhala tili kumanda."

Lamulungu tinakwera dzuwa lili pamutu: atsibweni patsogolo, atcheya ndi amayi aang'ono, kenaka agogo ndi ndodo yawo, ine pambuyo. Masabata awiri m'mbuyomo anyamata osaka mbewa anali atatentha tchire lonse la mbali imeneyo, choncho tsala linali lupsa lokhalokha, phulusa lakuda ndi timitengo towauka. Agogo anali ndi chiyembekezo kuti popeza udzu wapsa, mizere ionekera. Koma titafika panali pongoti see. Dothi linkaoneka lofanana kuyambira pachulu mpaka kumalire a khonje.

Mkamwini ndi mpongozi wake sayang'anizana, ndipo agogo anali mpongozi wa atcheya monga mmene analili mng'ono wawo. Choncho anaima motalikirana, agogo atafulatira, akuyang'ana chulu, atcheya akuyang'ana kuchigwa. Mawu onse ankadzera mwa atsibweni, ngakhale aliyense ankamva bwinobwino zonena mnzake.

"Auzeni amayi kuti ine sindikulanda," anatero atcheya. "Ndikupempha thengo. Ngati pali mzere, andilozere, ndipo nditsika pompano."

"Achemwali, akuti sakulanda."

"Ndamva, sindine gonthi. Auzeni kuti pamene apondapo mwana wanga ankakololapo nyemba iwo akadali kwawo kuweta ng'ombe za eni."

"Akuti malowa analimidwapo," anatero atsibweni.

"Zimenezo sindikukana. Ngakhale pamene pali tchalitchi panalimidwapo. Koma mzere uli kuti?" Atcheya anapalasa phulusa ndi nsapato. "Uwu? Kapena uwu? Boma likuti tilime, dziko lidye. Malo awa akudyetsa mbewa."

"Auzeni kuti mbewazo n'za mdzukulu wanga."

Amayi aang'ono anaseka n'kudzigwira pakamwa. Atsibweni anayenda uku ndi uku, kuwerama, kugwira dothi. Agogo nawo anayendayenda akugogoda pansi ndi ndodo. Pena ankaima n'kunena kuti apa, koma ukayang'ana sunkaona kusiyana kulikonse. Ndinaona khosi lawo likutuluka thukuta. Pomaliza atsibweni ananena kuti akaganiza, ndipo adzapereka mawu Lamulungu lotsatira. Tonse tinadziwa mawu amene adzapereke.

Ine ndinali ndi choti ndinene nthawi yonseyo, koma mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri salankhula pa nkhani ya akuluakulu, ndipo ine ndinali wosalankhula ngakhale pa nkhani za ana. Ndinakanena mawa lake kudimba, tikuthirira anyezi.

"Agogo, mizere ija ilipo."

Sanatembenuke. "Dzulo unali kuti?"

"Siioneka masana. Siionekanso munthu ukaima m'mundamo."

Anatsitsa chitini. Ndinawafotokozera. Pamwamba pa tsalalo panali thanthwe lalikulu, pafupi ndi phanga lina la zolembalemba zofiira za anthu akale. Ndikamangirira mbuzi m'mawa, ndinkakhala pathanthwepo kuothera dzuwa ndisanatsike. Dzuwa likangotuluka kuseri kwa phiri, kuwala kwake kumabwera chogona, ndipo kanthu kalikonse kotukuka pang'ono kamakhala ndi mthunzi. Chitentheni tchire, m'mawa uliwonse ndinkaona mizere yonse, kuyambira pachulu mpaka kukhonje. Dzuwa likakwera pang'ono, inkazimirira.

"Wakhala ukuiona masiku onsewa?"

"Inde."

"Ndipo dzulo unangoima ngati chitsa, ine ndikugogoda pansi ngati wamisala pamaso pa mkamwini?"

Ndinayang'ana pansi.

"Tamvera, mkazi mnzanga. Bondo ili lakwera dzulo. Likweranso kamodzi kokha, basi, kenaka ligona mwezi. Sindingapite kukaona ndekha n'kupitanso ndi anthu. Ndikawaitana amuna awiri aja kuti akwere phiri m'mamawa, n'kukapeza palibe kanthu, sadzandimveranso pa nkhani iliyonse mpaka kufa kwanga. Malowo apita, ndipo ine ndidzakhala nkhalamba imene inanamizidwa ndi mwana. Ndikufunsanso. Ilipo?"

"Ilipo."

"Ingati?"

"Sindinawerenge. Koma ikafika pachulu imakhota."

Agogo anatola chitini n'kupitiriza kuthirira. Atamaliza bedi lonse anati, "Amako anali amanzere. Mzere wawo sunkawongoka."

Madzulo asanafike anapita kwa atsibweni, ine ndikuwatsatira. Atsibweni anakana poyamba. Anati iwo ayenda kale, ndipo sangakauze atcheya kuti akwerenso phiri chifukwa cha maloto a kamwana.

"Achimwene," anatero agogo, "ine ndinakuberekani kumsana chaka cha dzombe, mukundikodzera. Sindinakupempheni kanthu chikhalire. Lero ndikupempha m'mawa umodzi."

"Mumangokumbutsa zomwezo."

"Ndidzasiya mukadzandilipira nsalu ija."

Anagwirizana za Lachinayi.

Usiku wa Lachitatu kunazizira, ndipo titadzuka Lachinayi kunja kunali nkhungu. Amene anakhalako kumapiri a Dedza akuidziwa nkhungu imeneyo, yoti munthu suona mbuzi imene wagwira chingwe chake. Agogo anasuzumira panja, kundiyang'ana, n'kumanga nsalu yachiwiri pamapewa.

Tinatenga nthawi yaitali kukwera, chifukwa thanthwe linali pamwamba kuposa pamene tinafika Lamulungu lija. Agogo ankayenda masitepe khumi n'kuima, dzanja limodzi pa ndodo, lina paphewa panga. Pamalo otsetsereka kwambiri anakwawa. Titafika tinapeza atsibweni ndi atcheya atafika kale, pamodzi ndi amayi aang'ono. Atcheya anali atavala jekete, chifukwa tsiku lomwelo anali ndi msonkhano kuboma. Ataona agogo akutulukira m'nkhungu, anasuntha n'kukakhala kumapeto kwa thanthwe, atafulatira.

Pansi pathu sipankaoneka chilichonse. Tinakhala. Mwala unali wozizira ngati madzi a m'mtsuko.

"Mkazi wanga," anatero atsibweni, akuwomba m'manja mwawo, "mizere yako ija ndi imeneyi? Yoyera bwino."

"Mwina ndi ya kumwamba," anatero atcheya. "Auzeni amayi kuti basi sidikira munthu."

"Auzeni kuti basi imabwera tsiku lililonse," anatero agogo.

Kum'mawa kunayamba kuyera. Ndinadziwa kuti dzuwa latuluka kale kuseri kwa nkhunguyo ndipo likukwera, ndipo likakwera kwambiri, ngakhale nkhungu ichoke, sipadzaoneka kanthu. Ndinkayang'ana malo amodzi, pamene ndinkadziwa kuti pali chulu. Mano anga ankagundana. Agogo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Anatulutsa kabotolo ka fodya, kununkhiza, n'kupatsira atsibweni.

Atcheya anaimirira n'kukutumula thalauzi. "Ine ndayesetsa. Ulemu ndapereka."

"Bambo, dikirani pang'ono."

Onse anatembenuka. Ndinali ine. Amayi aang'ono anatsegula pakamwa, poti sanandimvepo ndikulankhula kwa mwamuna wawo.

"Kamphepo kayamba," ndinatero. "Kakayamba chonchi, nkhungu imatsikira kuchigwa."

Atcheya anandiyang'ana, kenaka anayang'ana wotchi yawo. Sanakhale pansi, koma sanachoke.

Nkhungu inayamba kung'ambika cha kumtunda. Poyamba panaoneka nsonga ya chulu, kenaka timitengo ta masuku, kenaka khonje wa kumalire. Dzuwa linalowa chammbali, ndipo tsala lonse linaonekera pansi pathu. Mizere inali pomwepo. Mthunzi uliwonse unagona pambali pa mzere wake, mizere yopingasa chitunda, wina pansi pa unzake, kuyambira kumtunda mpaka kumusi. Ndipo panali china chimene ngakhale ine ndinali ndisanachione bwino: msipu watsopano unali utayamba kumera pakati pa mizere, m'mene chinyezi chimakhalitsa, choncho pakati pa mizere yakuda panali timizere tobiriwira. Pachulu yonse inkakhota, kuzungulira, n'kukawongokanso patsogolo.

Atsibweni anavula chipewa.

"Ndi yakedi," anatero. "Taonani pachulupo. Ndinkamuuza kuti agumule chulucho, iye ayi."

Agogo anali ataiwala zofulatira. Anali atagwada kutsogolo kwa thanthwe, akuloza ndi ndodo. "Apo ndi pamene ankabzala nyemba zoyanga. Umo munali maungu. Mzere wautaliwo anaupanga ali ndi pakati pa uyu." Kenaka anayamba kufunafuna kabotolo kawo ka fodya, ngakhale kanali m'dzanja lawo.

Atcheya anayang'ana nthawi yaitali, manja ali m'matumba. Kenaka anaseka pang'ono.

"Auzeni amayi kuti ndaona. Ndi tsala. Ndipo malemuwo ankalima mopingasa, monga mmene alangizi amanenera, ife ena tisanayambe." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, chikhalirecho unkangotiyang'ana Lamulungu lija?"



"Ameneyu mukamuika m'komiti, tonse titha," anatero kwa atsibweni.

Tikuyang'ana choncho dzuwa linakwera, mithunzi inafupika, ndipo mizere inayamba kuzimirira mpaka panatsala lupsa lokha ngati Lamulungu lija. Atsibweni anavala chipewa chawo n'kulankhula monga mwini mbumba. Anati malowo ndi tsala la malemu mwana wa mlongo wawo, ndipo mwini wake ndi ine. Koma anawonjeza kuti mizere imene imafuna munthu akwere thanthwe m'mamawa kuti aione yatsala pang'ono kufa. Mvula ya chaka chimodzi kapena ziwiri idzaimaliza. Ngati tikufuna malowo, tiwalime chaka chomwecho.

"Tilima," anatero agogo.

"Ndi bondo limenelo?"

"Ndati tilima. Sindinati ndilima."

Kenaka, atafulatiranso, anauza atsibweni kuti auze akamwini awo mawu awa: chigawo cha kumusi, kuyambira pa mwala wosweka mpaka kukhonje, awabwereka zaka ziwiri kuti abzalemo mbatatesi yawo. M'malo mwake iwo adule timitengo tonse ndi kuzula zitsa m'tsala lonse, poti imeneyo ndi ntchito ya nkhwangwa. "Koma auzeni kuti ndabwereka, sindinapatse. Asabzalemo mtengo, ngakhale nthochi imodzi. Ndikadzaona pichesi, ndidzazula ndi manja angawa."

"Akuti mubzale mbatatesi yokha," anatero atsibweni.

"Ndamva ndithu," anatero atcheya. "Auzeni kuti zikomo." Anawomba m'manja mwaulemu, n'kutsika mothamanga kukakwera basi yawo. Ndinamva pambuyo pake kuti inawasiya.

Agogo tinawatsitsa ine ndi amayi aang'ono, wina mbali iyi wina mbali inayo. Bondo linatupa ngati dzungu, ndipo anagona masabata atatu. Ali chigonere anatuma uthenga kwa bambo wina wosula kuti andikonzere khasu. Analamula kuti mpini ukhale waufupi, wolingana ndi msinkhu wanga, koma khasu lenilenilo likhale la munthu wamkulu.

Atcheya anasunga mawu awo. Anadula timitengo, kuzula zitsa, n'kuunjika nkhuni zonse pamalire kuti ndizitenge. Mwezi wa Okutobala, dothi litauma gwa, ndinayamba kulima chigawo cha kumtunda. Ndinkapita m'mamawa ndisanapite kusukulu, ndi Loweruka tsiku lonse. Amayi aang'ono anandithandiza masiku angapo, ndipo amayi ena awiri a m'mphakati wathu wa kutchalitchi anabwera Loweruka lina. Koma mizere yambiri ndinapanga ndekha.

Popanga mzere watsopano umaswa wakale. Umatema pakati pake, dothi lina n'kukokera uku, lina uko, ndipo mzere watsopano umaima pamene panali khwawa. Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa zimenezi, ndipo ine ndinkazichita chaka chilichonse m'munda wakunyumba osaganizapo kanthu. Koma m'mawa woyamba uja ndinaima nthawi yaitali khasu lili m'manja. Mizere ya amayi inali itakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ine ndi amene ndinali kudzaifafaniza. Pansi sinkaoneka, koma khasu linkaimva: pamzere dothi linali lofewa, pakhwawa lolimba. Ndinatema. Pofika pachulu ndinayesa kuwongola, koma dothi lofewalo linkandikokera kumanzere, ndipo ndinangolitsata.

Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, kenaka anauma. Mvula yoyamba isanagwe ndinali nditamaliza. Agogo sanathe kukwera kudzaona, choncho ankandifunsa madzulo aliwonse ndikafika: mizere ingati lero, yotalikirana bwanji, ndakwirira zinyalala kapena ndangozisiya pamwamba. Ndikayankha ankati, "Tidzaona chimanga chake."

Anakwera mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye, nyemba zitayanga. Anayenda mzere ndi mzere osalankhula, akukankha masamba ndi ndodo. Anapeza malo amene ndinabzala mothithikana, napezanso pamene ndinabandira mochedwa, ndipo zonsezo anandiuza. Tili pamalire, panadutsa bambo wina wachilendo wochokera kutsidya kwa malire a dziko, atasenza mtolo wa makasu ogulitsa. Anapereka moni, kupempha madzi, n'kuyang'ana chimangacho.

"Chakula bwino. Munda wanu, amayi?"

Agogo anatenga chikho m'manja mwake n'kundipatsa kuti ndimuthirirenso madzi.

"Ine wanga uli kumusi," anatero. "Ngati mukufuna kugulitsa khasu, lankhulani ndi mwini wake. Ndi uyu."

Bamboyo anatsitsa mtolo wake, kumasula chingwe, n'kuyala makasu onse patsogolo panga. Ndinawatola limodzilimodzi, kuyesa kulemera kwake, kugogoda ndi mwala kuti ndimve kulira kwa chitsulo. Kenaka ndinamuuza kuti langa likadali lakuthwa, adzadutsenso chaka chamawa.